Thonje mu Vaneti ya Mbuya

Kumapeto kwa mzere wina wa nyumba za ku Kafue Estates kuli mtengo wa mango umene subereka bwino. Umachita maluwa chaka ndi chaka, koma timango take timayoyoka tisanakule, chifukwa dothi la pansi pake linamwa oyilo wakuda kwa zaka zambiri. Pansi pa mtengo umenewo ndi pamene ba Gershom Mvula ankakonzera magalimoto fakitale itawabweza kunyumba, ndipo ndi pomwe anakonzera vaneti ya ba Fanwell Chileshe, ntchito imene sanafune kuti ithe.

Ba Gershom anafika mu Kafue kuchokera ku Katete ali mnyamata wopanda ndevu, nthawi imene mafakitale ankamangidwa kumene, tauni yonse ikununkha simenti. Anapeza ntchito ku garaji ya fakitale ya nsalu. Anayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini mpaka khungu la m'manja kusendeka, kenako anakhala makaniko wa malole ndi mabasi onyamula antchito. Sanali munthu wa mawu ambiri. Galimoto ikabwera yodwala, mwini wake ali mkati mofotokoza, iwo ankangotenga sikuludiraiva yaitali, kuika nsonga yake pa injini, chigwiriro pa khutu, n'kutsinzina ngati ali pa pemphero. Anakwatira Emelda, mkazi wa ku Chadiza wosoka mayunifomu a ana a sukulu, ndipo anabereka ana awiri. Gideon atakula anapita kukafuna ntchito ku Botswana. Rachael anakwatiwa ku Kitwe.

Ba Fanwell anali Mbemba wa ku Mpika, wokonza makina oluka nsalu mu fakitale yomweyo. Phokoso la makinawo linawadya makutu, choncho ankalankhula mokuwa ngakhale popempha mchere. Anthu awiriwa sankafanana m'chilichonse. Koma Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi mbuya, abale a nthabwala, ndipo pa chimbuya palibe mlandu: uyu amatcha mnzake wakudya anyani, uyo n'kubweza kuti wakudya mbewa, ngakhale pamaso pa abwana.

Chimbuya chenicheni ba Gershom anachiona pa maliro a mkazi wawo. Abale a ku Chadiza anachedwa panjira. Amene anakumba manda, kuwaza nkhuni ndi kuphikira anthu anali Abemba, monga mwa mwambo, ba Fanwell ali patsogolo. Pobwera kumanda, ba Gershom atakhala pa mpando osadziwa poika maso, ba Fanwell anatulukira ndi mbale ya ufa, nawapaka kumaso ndi m'mutu mpaka anayera mbuu.

"Mukazi wabwino so," anakuwa, "anapirira shani kununkha kwa mbeba zaka zonse izi? Wathawa, mwandi! Naine nikanathawa!"

Ba Gershom anaseka, misozi ikudula tinjira mu ufa uja. Kuyambira pamenepo, dzuwa likapendeka, ba Fanwell ankabwera pansi pa mango kudzasewera nsolo pa maenje amene ba Gershom anaumba ndi simenti yotsala pokonza khonde.

Masiku amenewo zinthu zinkasintha mofulumira. Mabelo a salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, anadzaza msika, ndipo nsalu ya mu Kafue inayamba kungounjikana popanda woigula. Sailini ya fakitale, imene inkadzutsa tauni m'mawa uliwonse, inayamba kulira mwa apo ndi apo, kenako inangoti zii. Amuna anauzidwa kuti akadikire kunyumba, adzaitanidwa. Anadikira. Nyumba zitagulitsidwa kwa okhalamo, ambiri anazigulitsanso n'kubwerera kwawo. Anzawo a ba Gershom a ku garaji anatha mmodzimmodzi, ena kumudzi, ena kumanda. Ba Fines, amene ankatha kupasula injini ya lole ndi kuibwezera osatsalitsa bawuti, anakaoneka ku Lusaka akugulitsa maloko pa tebulo.

M'nyumba za ochokawo munalowa anthu achilendo, odzuka mbandakucha kuthamangira maminibasi a ku Lusaka, ndi achinyamata opemphera mokweza m'makalasi a sukulu Lamlungu. Moni ankapereka mwaulemu ndithu, "Muli bwanji, ba madala," koma panalibe wodziwa kuti madalawo dzina lawo ndani, kapena kuti pa chingwe chakuseri chija pankayanikidwa mayunifomu a buluu. Pa anthu onse amene anamuona Emelda ali moyo, otsala anali ba Fanwell ndi mkazi wawo, ba Idah.

Fakitale itayamba kugulitsa magalimoto ake akale, ba Fanwell anatengako vaneti yoyera imene ba Gershom ankaidziwa kuyambira ili yatsopano. Ankanyamulira amayi ogula nsomba kumtsinje, kupita nawo ku Lusaka. Koma magalimoto onyamula anthu anachuluka, ndipo amayiwo anayamba kukwera zatsopano zokhala ndi wailesi. Tsiku lina, ali pakati pa nsolo, ba Fanwell anangoti:

"Mbuya, nyumba nagulitsa. Tiyenda ku Mpika. Nifuna mvula ikanipeze nili na khasu m'manja."

Ba Gershom anapitiriza kugawa timiyala m'maenje. "Anyani akuitanani?"

"Banatuma uthenga. Ati mpando wa ufumu ulibe munthu."

Anaseka onse awiri. Madzulo amenewo ba Gershom anaphika nshima, naiyang'ana, naivundikira.

Munali mu Okutobala, mwezi umene malata a mu Estates amalira okha ndi kutentha. Katundu wa ba Fanwell anali atayamba kumangidwa pamene m'mawa wina vaneti inalowa pabwalo la ba Gershom pang'onopang'ono ngati ikuopa kuponda mazira.

"Imwe bakudya mbeba, bwelani muone! Motoka yanga yayamba kunitsinzinira diso."

Disolo linali kanyali kofiira ka oyilo, kaja kokhala kutsogolo kwa dalaivala. Ba Fanwell anafotokoza kuti injini ikangolira kanyaliko kamazima bwinobwino, koma akayenda kamtunda, makamaka akaponda kwambiri pokwera chitunda, kamayamba kuphethira, kenako n'kuyakiratu. Akaima, kuzimitsa, n'kudikira pang'ono, kamakhalanso ngati palibe chinachitika.

Ba Gershom anatsegula boneti. Anasolola kachitsulo koyezera oyilo: anali wokwanira mpaka pa mzere. Anafikisa dontho pakati pa zala, nanunkhiza. Sanali wosungunuka ndi petulo, sanalinso wotuwa ngati wolowa madzi. Anagwada kusuzumira pansi, ndipo panalibe podontha kwenikweni. Nthawi zina wabodza amakhala kasiwichi kamene kamayatsa nyaliyo, choncho anakamasula pambali pa injini, namanga m'malo mwake geji yawo yakale yoyezera mphamvu ya oyilo, ya galasi long'aluka.

"Lizani."

Muvi wa geji unakwera bwino.

"Pondani. Pondanibe. Ndati pondani, kodi mwendo ndi wobwereka?"

Injini itakweza mawu, muvi uja, m'malo mokwera nayo, unanjenjemera n'kuyamba kutsika. Ba Gershom anakweza dzanja kuti ba Fanwell aleke. Injini yotha mabelingi, tizitsulo tija timene shafiti imazungulirapo, simachita chotere: muvi wake umagwa ikamalira motsitsa, n'kudzuka ukaiponda. Iyi inkachita ngati munthu womwa madzi ndi bango lotsekeka, amene akamayamwa mwamphamvu m'pamene madzi amakana. Pampu ya oyilo inali ndi njala. Chinachake chinali chitatseka kukamwa kwake, pa kasefa kamene kamakhala pansi penipeni pa injini, m'chibeseni chosungira oyilo chimene amakaniko amati sampu. Anaika sikuludiraiva pa khutu kuti atsimikize. Mabelingi ankayenda mwakachetechete, osagogoda.

Atatsegula maso, anaona chimene anayenera kuchiona poyamba. Pa bowo lothirira oyilo panalibe chitsekero chake. Panali chibumo cha wesiti, chotsenderedwa mwamphamvu, chakuda bii.

Wesiti ndi nyenyeswa za thonje ndi ulusi zimene zinkasesedwa pansi pa makina a mu fakitale. Mu Kafue munalibe nyumba yopanda thumba lake. Ndiye ankalowa m'mapilo, ndiye ankakolopa pansi, kuyatsira mbaula, kutseka ming'alu yolowera udzudzu. Fakitale inatseka, koma wesiti anatsala.

"Chitsekero chili kuti?"

"Banaba ku Lusaka, kale maningi! Koma ichi chigwira kupambana chija. Nichinja sabata iliyonse, nifaka chatsopano. Ine motoka niisamala, mbuya, osati monga imwe."

Ba Gershom anaona zonse ngati sampu ndi ya galasi: ulusi ukuthothoka pang'onopang'ono, kutsika ndi oyilo, kukaunjikana pa sefa. Inali ntchito yoti dzuwa lisanalowe yatha. Kutsitsa sampu, kutsuka sefa, kubwezera, basi. Mawu anafika mpaka pamilomo. Ndiye anayang'ana ba Fanwell ali pa mpando wa dalaivala, khutu labwinoko atalitembenuzira kwa iwo, nayang'ananso maenje a nsolo amene timiyala ta dzulo tinali tidakali momwemo. Vaneti ikachira lero, pofika sabata yamawa pabwalo pano sipadzakhalanso wotukwana munthu.

"Nkhaniyi ndi yaikulu," anatero, maso ali pa injini. "Mwina ndi mabelingi. Isiyeni pano ndiione bwino."

Sampu sanaikhudze. Koma munthu wozolowera sipanala sangakhale manja ali lende galimoto ili pabwalo. Anayamba ndi mabuleki, namasula mawilo onse, napukuta fumbi, nasintha timphira totha. Anatsuka ladiyeta. Chitseko cha kumanzere, chimene chinkamangidwa ndi waya, anachikonza mpaka chinkatseka ndi chala chimodzi. Ba Fanwell ankabwera m'mawa uliwonse kudzathandiza, kutanthauza kupereka sipanala yolakwika ndi kusimba za akapitawo a kale, amene anali ndi mkazi wa ndani, amene ankagona kuseri kwa mabelo a thonje. Masana ankadyera limodzi. Ba Gershom anatsitsa pa shelefu mbale yachiwiri imene inali itachita fumbi.

"Nanga diso lija?" ba Fanwell ankafunsa nthawi zina.

"Tifikako. Mukufuna kukatsika zitunda za kwanu opanda mabuleki? Abale anu a m'mitengo adzakusekani."

Ba Fanwell sankaumiriza. Ankangogwedeza mutu n'kupita kukadzaza timiyala m'maenje. Koma ba Gershom nsolo wa masiku amenewo sankamumva kukoma. Ankapambana osasangalala, ndipo mnzawo akamachoka madzulo, wapansi, iwo ankaima pambali pa vaneti, kuyang'ana chibumo chakuda chija, n'kutseka boneti.

Nyenje zinalira, kumwamba kunayamba kuda masana, mphezi zikung'anima kutsidya kwa mtsinje. M'mawa wina amene analowa pabwalo sanali ba Fanwell koma ba Idah. Anali mayi wofatsa, wa mawu otsika ngati kuti onse okweza anatha ndi amuna awo. Anapinda bondo pang'ono, napereka sizasi yaikulu ya zigwiriro zakuda.

"Bashi Gideon," anatero, kuwatchula ndi dzina la mwana wawo monga Abemba amachitira, "napeza iyi pomanga katundu. Ni ya amake Gideon. Ninabwereka kale, sininabweze."

Ba Gershom anaitembenuza m'manja. Pa chigwiriro panali pakadali kansalu kamene Emelda anakulunga kuti chitsulo chisamamudye chala. Ba Idah nawonso anali mbuya, koma tsiku limenelo za mbewa sanazitchule.

"Bogula nyumba bafika," anapitiriza. "Katundu yawo ili pa khonde, ise tigona pa mphasa m'khichini. Banthu babwino, sakamba kanthu, koma bana bawo batiyang'ana."

Ndiye anamasula kamfundo ka pa ngodya ya chitenje chawo, natulutsa kanthu kakang'ono ngati nyemba, nakaika m'dzanja la ba Gershom. Kanali kababu.

"Banzanu banachosa dzulo, imwe mutayenda kumsika. Dalaivala wina wa minibasi anabauza ati nyali ikavuta, chosani chabe babu, mufake oyilo wolimba. Bakuti Loweruka tinyamuka, diso kapena kulibe diso. Ine za motoka sinidziwa. Koma nyali iyi inali kukamba chinachake."

Ba Gershom anatembenuza kababuko pakati pa zala.

"Nabo safuna kuyenda, mudziwa," ba Idah anatero, akuyang'ana pansi. "Sakamba, koma nibaona. Koma muno tilibenso pokhala."

Ba Idah atachoka, ba Gershom anakhala pa tayala lakale, kababu kali m'dzanja limodzi, sizasi m'dzanja linalo. Msewu wa ku Mpika ankaudziwa. Anapitako kalekale kukakoka lole ya fakitale. Ukadutsa Kapiri n'kulowera ku Serenje, mitengo yokhayokha, midzi patalipatali. Injini yosowa oyilo imayamba ndi kugogoda pang'ono, ngati mlendo wamanyazi pa chitseko, ndipo dalaivala wa makutu abwino amaima isanafe. Koma ba Fanwell sakanamva. Nyali atachotsa, makutu alibe, akanangoyendabe akuimba mpaka injini itauma n'kugwirana. M'maganizo anaona ba Idah atakhala pa thumba la mbewu m'mbali mwa msewu, mvula yoyamba ikugwera pa matilesi.

Ba Fanwell pofika, anapeza miyendo iwiri itatulukira pansi pa vaneti, nsapato zikuloza kumwamba.

"Mwafa, mbuya? Niyambe kukumba?"

"Bweretsani beseni ilo. Osati ilo, ndi losambira. Lakudalo."

Oyilo anatuluka wochedwa, wolemera. Ba Gershom anamasula mabawuti a sampu mozungulira, akumaponya lililonse m'chitini kuti lisasowe mu dothi, nagogoda ndi chibakera m'mbali mpaka sampu inalekana ndi injini. Anamasula kapaipi kokhala ndi sefa kunsonga, natuluka chagada, nakaika pa nyuzipepala padzuwa.

Sefayo sinkaoneka n'komwe. Inali itavala chinthu chotuwa, chonenepa, chaubweya, chonyowa ndi oyilo.

"Ni chani ichi?" ba Fanwell anakuwa, akubwerera m'mbuyo. "Mbeba! Mbeba yafela mu motoka yanga! Mwafakamo ndimwe, munali kusunga ndiwo!"

"Ndi nsalu yanu yomaliza, a Chileshe. Fakitale inatseka kalekale, inu mukulukabe mu injini."

Anachisenda ndi nsonga ya mpeni, ndipo chinachoka chathunthu ngati chipewa. Anawaonetsa chibumo cha pa bowo la oyilo, nawaonetsa njira imene ulusi unkatsikira. Ba Fanwell anagwada, natenga chinthucho, nachiviika m'palafini, nayamba kuchipatula ndi zala zawo zozolowera ulusi. Mkati mwa kutuwa kuja munatuluka mitundu.

"Uyu ni wa makatani," anatero. "Uyu wofiira ni wa vitenje." Anasolola kaulusi kena, nakaika padzuwa. "Uyu wa buluu ni wa yunifomu ya sukulu."

Onse awiri anayang'anitsitsa kaulusiko. Kenako ba Fanwell anatembenuza mutu. Anayang'ana mawilo otsukidwa, ladiyeta yowala, chitseko chotseka ndi chala chimodzi, nayang'ana mnzawo amene anali atatanganidwa kwambiri ndi kupukuta sipanala yoyera kale. Ndipo analankhula motsitsa mawu, zimene ba Gershom anali asanazimvepo.

"Mukanaona mabuleki kachiwiri, mbuya. Sinikanakana."

"Gwirani tochi," ba Gershom anatero, ngakhale kunali masana. "Muunike apa."

Ntchito yotsalayo anaigwira mosathamanga. Anatsuka sefa m'palafini ndi mswachi wakale mpaka kuwala kwa dzuwa kunkadutsa pa kabowo kalikonse. Anatsuka sampu, imene pansi pake panali phala la ulusi, ndipo ba Fanwell atatambasula dzanja kuti apukute ndi wesiti wa m'thumba mwawo, ba Gershom anawamenya pa dzanja ndi mswachi. Anaisiya kuti iume yokha padzuwa. Anamasula belingi imodzi kuti aone ngati njala ija inawononga kanthu. Inali yosalala, ya timizere tochepa chabe. Gasiketi yatsopano, yoti itseke pakati pa sampu ndi injini, anaijambula pa pepala lochindikala, naidula ndi sizasi ya Emelda, imene inadula ngati yanoledwa dzulo. Anamanga zonse, nasintha fyuluta yosefa oyilo, nathira oyilo watsopano, nabwezera kababu pamalo pake.

Chitsekero cha vaneti ya mtundu umenewo mu Kafue munalibe. Ba Gershom anadula mpini wakale wa khasu, nausema mpaka unakwana pa bowo, nauveka mphira wa chubu, naumangirira ku injini ndi katcheni.

"Wakuba akafuna ichi, atenge ndi injini yomwe."

Atailiza, muvi wa geji unakwera n'kuima. Ba Fanwell anaponda. Muvi unakweranso, osanjenjemera. Ba Gershom anachotsa geji, nabwezera kasiwichi, ndipo anakwera onse awiri kukayesa pa msewu wa ku Lusaka, pa chitunda chimene diso lija linkatsinzinira. Vaneti inakwera ikuimba. Kanyali kanangoti zii. Ba Fanwell anamenya chiwongolero ndi chimwemwe, natukwana mbewa zonse za kum'mawa mpaka za ku Malawi. Ba Gershom ankayang'ana kunja pa windo, kumene machumuni a mafakitale ankaonekera patali opanda utsi.

Loweruka m'mawa vaneti inaima pa geti la ba Gershom itasenza ngati bulu: matilesi, mipando, njinga, thumba la mbewu, malata angapo, ndi nkhuku m'dengu pamwamba penipeni. Ba Gershom anazungulira, kukoka chingwe chilichonse, kuponda tayala lililonse. Anatsegula boneti, nagwedeza chitsekero cha mtengo chija, natseka.

"Kanyali kakayaka, muime pomwepo. Babu musadzachotsenso. Wesiti wotsalayo mupangire pilo."

"Namva, ba bwana."

Ba Idah anagwira dzanja la ba Gershom ndi manja awiri, nalowa m'galimoto. Injini inalira. Koma ba Fanwell, mwendo umodzi uli kale mkati, anatsikanso. Anapita kumbuyo, namasula pakamwa pa thumba lina, nabwera dzanja litadzaza ufa.

"Uthenga wa maliro yanu ukazafika ku Mpika, muzakhala mwanunkha kale," anatero. "Lekani nigwire nchito yanga lelo."

Anawapaka pamphumi, m'masaya, m'ndevu, nawaza wotsalawo m'mutu. Ndiye anatembenukira ku mzere wonse wa nyumba, nakuwa ndi mawu aja opambana makina oluka nsalu:

"Banthu ba mu Estates, bwelani muone! Wafa Gershom Mvula wa ku Katete, mwamuna wa Emelda, makanika wa fakitale! Mbeba zonse za mu Kafue lelo zivina! Kulibe uzazidya!"

Makatani anasuntha m'nyumba zoyandikana. Mayi wina wachitsikana amene ankayanika zovala anaima, malaya ali m'manja, osadziwa ngati aseke kapena aitane anthu.

"Nanga inu," ba Gershom anatero, "kumeneko kuli Abemba okhaokha. Adzakupakani ndani?"

Anapala ufa pa tsaya lawo ndi zala ziwiri, naupaka pamphumi pa ba Fanwell. Zalazo zinali ndi oyilo wa pa boneti, choncho mzerewo unatuluka wotuwa. Ba Fanwell anatembenuka. Analowa m'galimoto, natseka chitseko mwamphamvu, kuiwala kuti tsopano sichifuna mphamvu.

Vaneti inatsika ndi mzere, nkhuku zikudandaula pamwamba, n'kukhota pa ngodya. Ba Gershom anatsinzina. Ankaimvabe ikudutsa kuseri kwa sukulu, ikusintha giya, ikulowa mu msewu waukulu pakati pa maminibasi. Khutu lawo linaisankha pakati pa injini zonsezo n'kuitsata mpaka pa chitunda. Inkalira bwino. Panalibe pogogoda. Kenako sinamvekenso.

"Ba Mvula?"

Anatsegula maso. Anali mayi wachitsikana uja, ataima pa mpanda wa maluwa. Dzinalo analitchula mosamala, monga munthu amene wangolimva kumene.

"Muli na vinthu kumaso. Nibweretse madzi?"

"Ndikudziwa, mama. Zikomo. Zisiyeni."

Mayiyo anaima pang'ono, nabwerera ku zovala zake. Ba Gershom anapita pansi pa mango. Pamene panaima vaneti panali banga latsopano la oyilo, ndipo pa nyuzipepala panali pakadali chipewa cha thonje chija, chitauma. Anachinyamula, nachikoloweka pa msomali wa pa mtengo pomwe ankapachika geji. Ndiye anakhala pa tayala lawo, pafupi ndi maenje a nsolo, ufa uli kumaso, ndipo anakhala nawo choncho mpaka dzuwa linapendeka.